Sabata imodzi ku Hanoi ndi madola 350: kogona, kodya ndi kayendedwe

Funso: Bungwe limene ndimagwirako ntchito likunditumiza ku msonkhano ku Hanoi, m'dziko la Vietnam, mwezi wa Novembala. Ndege ndi hotela ya masiku a msonkhano alipira iwowo. Ndikufuna nditsalire sabata imodzi ndi ndalama zanga kuti ndiuone mzindawo, ndipo ndasunga madola 350. Kodi zikwana? Ndigone kuti, ndizidya chiyani kuti ndisadwale m'mimba, ndipo ndiziyenda bwanji poti chilankhulo chawo sindichidziwa? (Mayi wina wa ku Lilongwe)

Yankho: Zikwana, mayi. Ku Hanoi munthu amene m'thumba mwake simolemera amatha kudya bwino, kugona pabwino ndi kuzungulira mzinda wonse. Koma chinthu chilichonse mumzindamo chili ndi mitengo iwiri. Pali mtengo umene eni mzinda amalipira, ndipo pali wina wokonzera mlendo wotopa amene sanazolowere kuwerenga ndalama za kumeneko. Pa mtengo woyambawo madola anu akufikitsani tsiku lobwerera. Pa wachiwiriwo atha sabata isanafike pakati. Pali malo amodzi okha pamene ndikuuzeni kuti musaumire, ndipo ndi pa chipinda chogona.

Yambani ndi zimene zingakonzeke muli konkuno, chifukwa zikalakwika zimadya ndalama zambiri nthawi imodzi. Akuntchito kwanu adziwe za sabata yowonjezerayo asanagule tikiti ya ndege, poti kusintha tsiku lobwerera tikiti itatuluka kale kumalipitsa, mwina kuposa ndalama ya hotela ya sabata yonse. Afunseninso ngati inshulansi ya ulendo imene akukudulirani ikufika mpaka tsiku lenileni lobwerera. Ndiye pali viza. Kuyambira mu Ogasiti 2023 boma la Vietnam limapereka viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko onse, ya masiku ofika 90. Yolowera kamodzi ndi madola 25, yolowa ndi kutuluka kangapo ndi madola 50. Pofunsira pamalembedwa tsiku lolowa, tsiku lotuluka ndi chipata cholowera, chimene kwa inu ndi bwalo la ndege la Noi Bai. Ngati wokukonzerani ulendo alemba masiku a msonkhano okha, sabata yanuyo mudzakhala m'dzikomo mopanda chilolezo, ndipo chindapusa chidzakudikirani potuluka. Onani ndi maso anu masiku amene alembedwa. Ngati mukufunsira nokha, gwiritsani ntchito tsamba lenileni la boma, chifukwa pali masamba ambiri a madobadoba ooneka ngati a boma amene amawonjezera zawo pamwamba. Dzina lilembedwe ndendende m'mene lilili mu pasipoti, ndipo viza ikatuluka muisindikize papepala.

Ndalama ya kumeneko ndi dong. M'zaka za 2024 ndi 2025 dola imodzi yakhala ikugula madong pafupifupi 25,000 mpaka 26,000, ndiye madola anu 350 ndi pafupifupi 9,000,000. Kwacha sangakusinthireni kulikonse, choncho nyamulani madola, mapepala atsopano osang'ambika ndi osalembedwapo kanthu. Sinthani pang'ono pabwalo la ndege, otsalawo ku banki kapena kumalo ovomerezeka mumzinda. Makobiri sagwira ntchito, zonse ndi zamapepala, ndipo onse ali ndi nkhope ya Ho Chi Minh, mtsogoleri amene anamenyera ufulu wa dzikolo. Chenjerani ndi awiri awa: pepala la 20,000 ndi la 500,000 onse ndi obiriwira ngati mtambo, ndipo usiku m'takisi n'kosavuta kupereka lalikulu mukuganiza kuti ndi laling'ono. A 500,000 aziikidwa pathumba lawolawo, ndipo muziwaphwanyitsa m'sitolo zazikulu masana. Pa zikwangwani za mitengo mudzaona 40k kapena 40 chabe, kutanthauza 40,000.

Tsopano kogona. Alendo ambiri amakhala ku Old Quarter, dera lakale la kumpoto kwa nyanja yaing'ono ya Hoan Kiem, ndipo inunso khalani komweko kapena chapafupi, chifukwa zambiri zimene mukufuna kuona mudzazifikira wapansi. Misewu yake imatchedwa ndi malonda amene ankachitikamo kale: Hang Bac ya osula siliva, Hang Gai ya zingwe (lero kuli nsalu za silika), Hang Ma ya zinthu zamapepala. Nyumba za m'derali n'zopyapyala kwambiri kumaso, mamita atatu kapena anayi, koma zimalowa kutali mkati ndipo zimakwera nsanjika zambiri. Mahotela otchipa anamangidwa m'nyumba zoterezi, ndiye mawindo amapezeka kutsogolo ndi kumbuyo kokha. Zipinda zapakati zilibe windo ngakhale limodzi, ndipo ndi zimenezi zimene zimaoneka pamwamba mukasankha mtengo wotsikitsitsa pa masamba a pa intaneti osungitsira mahotela monga Agoda kapena Booking.com. Hanoi ndi mzinda wachinyontho. Chipinda chopanda windo chimanunkha nguwi, zovala siziuma, ndipo mumadzuka osadziwa ngati kwacha. Usiku umodzi munthu angapirire, koma sabata yathunthu ayi. Wonjezerani 100,000 kapena 150,000 pa usiku mupeze windo lenileni loona kunja. Ena amaika windo loyang'ana khoma la nyumba ina kapena loyang'ana m'khonde lamkati, ndiye funsani bwino.

Chipinda cha munthu mmodzi chaukhondo, chokhala ndi bafa yakeyake, madzi otentha ndi makina oziziritsa mpweya, chimapezeka pakati pa 450,000 ndi 700,000 pa usiku. Bedi m'chipinda chogona anthu angapo ndi pakati pa 150,000 ndi 250,000, ndipo malo ambiri ali ndi zipinda za amayi okhaokha zokhala ndi loka yosungiramo katundu. Ngati mumagona tulo tofa nato ndipo phokoso la achinyamata obwera pakati pa usiku silikuvutani, pamenepo mupulumutsa ndalama zambiri. Kwa munthu wamkulu wochokera kumene ku msonkhano, ine ndinganene kuti chipinda chanu chokha n'choyenera ndalama yake.

Muli ndi mwayi umene alendo ambiri alibe. Mudzakhala mumzindamo masiku angapo hotela yanu isanafunike, ndiye madzulo ena msonkhano ukatha pitani mukaone chipindacho ndi maso musanalipire. Nunkhizani, tsegulani mpopi wa madzi otentha, yang'anani m'makona mwa denga. Funsani ngati muli chikepe, chifukwa chipinda cha pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi pa masitepe opapatiza ndi sutikesi ndi ntchito yaikulu. Funsaninso mtengo wolipira pamanja pa masiku asanu ndi awiri, poti kawirikawiri amatsitsa kuposa wa pa intaneti. Pewani misewu ya Ta Hien, Luong Ngoc Quyen ndi Ma May, kumene kuli mabala ndipo nyimbo zimalira mpaka usiku kwambiri. Kuli bata chakufupi ndi tchalitchi chachikulu cha St. Joseph, chimene chinatsegulidwa mu 1886, komanso ku dera la nyanja ya Truc Bach. Hotela imene ili mkati mwa kanjira kopapatiza, patali pang'ono ndi msewu waukulu, imakhala yachete ndiponso yotchipa kuposa ya pamsewu.

Mahotela a m'derali ali ndi chizolowezi chotengerana mayina. Imodzi ikatchuka, zina zimatsegulidwa ndi dzina lofanana nalo, kusiyana liwu limodzi. Choncho sungani nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, ndipo woyendetsa takisi akakuuzani kuti hotela yanu yatsekedwa kapena yadzaza, musamve. Pofika adzakupemphani pasipoti, chifukwa lamulo limafuna kuti mlendo aliyense alembetsedwe ku polisi. Ajambule ndipo akubwezereni. Musalipire zowonjezera chifukwa cha chakudya cham'mawa cha pahotela, poti cha panja n'chokoma kuposa ndipo n'chotchipa. Nyamulani adaputala, chifukwa masoketi awo salandira mapulagi athu a mano atatu. Mwezi wa Novembala mwausankha bwino: kutentha kwa Juni mpaka Ogasiti kumakhala kutapita, mvula yachepa, ndipo kuzizira kwa Disembala mpaka Febuluwale kusanafike. Juzi imodzi ikwana. Mpweya wokha ndi umene umayamba kuipa ndi utsi nyengo imeneyi, ndiye ngati muli ndi mphumu tengani mankhwala anu ndi masiki.

Pa chakudya ndi pamene Hanoi amakomera wa ndalama zochepa kuposa wolemera. Chakudya chabwino kwambiri cha mzindawu chili m'mbali mwa msewu, pa timipando ta pulasitiki tofupika, kumene banja limaphika chakudya cha mtundu umodzi wokha chaka ndi chaka. Mantha anu a m'mimba ndi omveka, ndipo yankho lake lili pa nthawi. Chakudya chilichonse chili ndi ola lake, ndipo mukafika pa ola limenelo mumapeza anthu adzaza, poto akuwira, nyama ikutha isanagone. Malo amene ine ndimawakayikira ndi lesitilanti yokongola yopanda anthu, yokhala ndi buku la zakudya zambirimbiri lolembedwa m'Chingerezi. Zakudya zochuluka chotero zimadikira kasitomala m'furiji, ndipo mtengo wake ndi wowirikiza kawiri kapena katatu.

M'mawa, kuyambira cha m'ma 6 koloko, ndi nthawi ya pho. Ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe wowiritsidwa maola ambiri pamodzi ndi jinja ndi anyezi wootcha, umene amathira pa tizingwe tofewa ta ufa wa mpunga ndi nyama yodula mopyapyala. Mbale imodzi ndi pakati pa 40,000 ndi 70,000. Pho bo ndi ya ng'ombe, pho ga ndi ya nkhuku. Pa ya ng'ombe pali tai, nyama yaiwisi imene imapsa ndi kutentha kwa msuzi m'mbale momwemo, ndi chin, yophikidwa kale mpaka kufewa. Masiku oyamba itanitsani chin. Malo otchuka alipo, monga pa nambala 49 mumsewu wa Bat Dan, pamene anthu amaima pamzere, kulipira ndi kudzinyamulira mbale, komanso Pho Thin pa 13 Lo Duc, kumene nyama amayamba aikazinga. Pitani kamodzi ngati mukufuna, koma malo a pakona pa hotela yanu pamene pakhala anthu opita kuntchito sadzakukhumudwitsani. Dziwani kokha kuti m'mimba mozolowera nsima pho sikhalitsa. Tsiku limene mukuyenda kwambiri yambani ndi xoi, mpunga womata umene amaika nyemba zopera, dzira kapena nkhuku pamwamba. Umenewo umagwira pamimba mpaka masana.

Kuyambira cha m'ma 11 koloko mudzaona utsi wa makala m'misewu. Ndi bun cha imeneyo, chakudya chamasana cha eni Hanoi: nyama ya nkhumba yootcha pamakala, yoviikidwa mu msuzi wotsekemera ndi wowawasa pang'ono, yodyera tizingwe ta mpunga tozizira ndi mulu wa masamba onunkhira. Ndi chimene Barack Obama anadya ndi Anthony Bourdain, wophika wotchuka wa pa TV, mu Meyi 2016 pa malo otchedwa Huong Lien mumsewu wa Le Van Huu, ndipo tebulo limene anakhalapo analitsekera m'galasi. Mtengo wake m'malo wamba ndi 40,000 mpaka 70,000, ndipo ikamakwana 2 koloko ambiri amakhala atatseka.

Chimene chidzasunge thumba lanu kwenikweni ndi malo olembedwa com binh dan. Amafanana ndi malesitilanti a mumsika kwathu kuno: amakupakulirani mpunga, inu n'kumaloza ndiwo zimene zayalidwa m'mabeseni. Pamakhala nsomba yophika, mazira okazinga, nkhuku, tofu (wopangidwa ndi soya) wa mu tomato, kabichi, ndi rau muong, ndiwo zamasamba za m'madzi za banja limodzi ndi kholowa, zokazinga ndi adyo. Mbale yodzaza ndi 35,000 mpaka 50,000 ndipo simufunika kulankhula liwu lililonse. Fikani isanakwane 12 koloko kapena itangokwana, ndiwo zikadali zotentha. Zimene zatsala madzulo zisiyeni. Pakati pa tsiku njala ikakupezani pamsewu pali banh mi, buledi wautali wouma kunja amene anabwera ndi Afalansa, woikamo nyama, nkhaka ndi masamba, pa 20,000 mpaka 35,000.

Ngati simudya nkhumba, kaya ndinu Msilamu kapena wa Seventh Day, samalani kwambiri, chifukwa nkhumba ili m'zakudya zambiri ngakhale pamene sikuoneka: mu msuzi, mu zopaka za banh mi, mu banh cuon (tizikondamoyo topyapyala ta ufa wa mpunga tokulungira nyama). Lembani pafoni mawu akuti khong thit lon muzionetsa wophika, kutanthauza kuti musaike nyama ya nkhumba. Nkhanu ndi tizilombo tina ta m'nyanja zilinso ponseponse, mwachitsanzo mu msuzi wotchedwa bun rieu ndi mu mam tom, chothira chofiirira cha fungo lamphamvu. Njira yosavuta ndi kufuna malo olembedwa chay, kumene amaphika zopanda nyama potsatira chikhalidwe cha Abuda. Mzikiti wa Al-Noor uli mumsewu wa Hang Luoc ku Old Quarter komweko, ndipo chapafupi pali malo odyera a halal. Chikwangwani cholembedwa thit cho ndi cha nyama ya galu. Imagulitsidwa m'malo akeake ndipo sangakupatseni mobisa, chifukwa ndi yodula kuposa nkhumba.

Madzi a pampopi musamwe. Botolo lalikulu m'sitolo ndi pafupifupi 10,000 mpaka 15,000, ndipo mahotela ena ali ndi podzazira mwaulere. Ayezi wozungulira wokhala ndi bowo pakati amachokera kufakitale ndipo ambiri amamwa popanda vuto, koma wophwanyidwa kuchokera ku chimbulumbwa chachikulu mupeweni. Masamba aiwisi, masiku oyamba muziwaviika mu msuzi wotentha musanadye. Ikani m'chikwama mapaketi angapo a Thanzi ORS. Timitengo todyera tikakukanikani musachite manyazi, supuni imakhalapo nthawi zonse.

Khofi musamudumphe. Vietnam ndi dziko lachiwiri kwa Brazil pa ulimi wa khofi, makamaka wa mtundu wa robusta wolimidwa kumapiri a kuzungulira Buon Ma Thuot, ndipo amamumwa wowawa kwambiri ndi mkaka wa m'chitini wotsekemera. Hanoi ali ndi wakewake wa dzira, amene Nguyen Van Giang anayambitsa mu 1946 mkaka utasowa, pamene anali atagwirapo ntchito pa hotela ya Metropole. Banja lake likugulitsabe pa Cafe Giang, kumapeto kwa kanjira kopapatiza mumsewu wa Nguyen Huu Huan, ndipo kapu siposa madola awiri. Tiyi wozizira wa pamsewu, tra da, ndi wa 5,000 kapena kuchepera, ndipo amakupatsani mpando wopumirapo ola lonse. Ngati mumamwa, mowa wa tsiku lomwelo wotchedwa bia hoi ndi pafupifupi 10,000 mpaka 15,000 pa tambula.

Pamene palibe mtengo wolembedwa, funsani musanakhale pansi. Nenani bao nhieu, kutanthauza kuti ndi zingati, n'kupereka foni kuti alembe nambala. Timapepala tonyowa topukutira m'manja ta m'mapaketi timalipitsidwa m'malo ena. Kupereka ndalama yothokoza pamwamba pa mtengo si mwambo wa m'malo wamba. Chakudya sanenerera mtengo, koma zovala ndi mphatso ku msika wa Dong Xuan amanenerera. Chokhacho, musakachite zimenezi m'mamawa n'kuchoka osagula, chifukwa ogulitsa ambiri amakhulupirira kuti kasitomala woyamba ndi amene amatsegula mwayi wa tsiku lonse, ndipo zimawapweteka. Pali ochepa amene amadyera alendo: wina akukuikani mtengo wonyamulira zipatso paphewa kuti mujambulitse kenako n'kufuna ndalama yaikulu, wina akugwira nsapato yanu n'kuyamba kuimata musanavomere. Pukusani mutu n'kupitirira. Musalole kuti ochepawa akuipitsireni amayi ambiri ochokera kumidzi amene amadzuka usiku kudzagulitsa malonda awo moona mtima. Mudzazindikiranso kuti anthu akukuyang'anitsitsani, ena akupempha kujambula nanu, makamaka kunja kwa madera a alendo. Anthu akuda si ambiri kumeneko, ndipo nthawi zambiri chimakhala chidwi chabe. Muli ndi ufulu wokana.

Nkhani ya chilankhulo pa mayendedwe inathetsedwa ndi foni. Gulani simukhadi tsiku loyamba pa sitolo yeniyeni ya Viettel, Vinaphone kapena Mobifone, mutanyamula pasipoti. Abale a ku Tete ndi Angonia akuidziwa Viettel, poti ndi imene ili kumbuyo kwa Movitel ya ku Mozambique. Ikani pafoni Grab, pulogalamu yoitanira galimoto kapena njinga yamoto, ndipo ngati mungathe onjezani zinzake, Be ndi Xanh SM, ya magalimoto amagetsi a kampani ya VinFast imene inayamba mu 2023. Mumalemba kumene mukupita, mtengo umaoneka musanakwere, ndipo mutha kulipira ndalama pamanja. Galimoto ikafika yerekezani nambala yake ndi ya pafoni, makamaka pabwalo la ndege pamene ena amakuyandikirani n'kunena kuti ndi a Grab. Njinga yamoto ya kabaza ya pa Grab ndi 15,000 mpaka 40,000 pa maulendo a mkati mwa mzinda, ndipo galimoto ndi pafupifupi kawiri kapena katatu. Woyendetsa amakupatsani helemeti, imene lamulo lakhala likukakamiza kuyambira mu Disembala 2007. Mangani lamba wake, chikwama muike pakati pa inu ndi woyendetsa, foni ikhale m'thumba. Akuba a pa njinga zamoto amatsomphola mafoni m'manja mwa anthu oima m'mphepete mwa msewu, ndiye pofuna kuona mapu yandikirani kukhoma.

Musabwereke njinga yamoto kuti muziyendetsa nokha, ngakhale mtengo wake ukope bwanji. Amayendetsa kumanja pamene ife tinazolowera kumanzere, njingazo ndi miyandamiyanda, ndipo mukachita ngozi mulibe laisensi yovomerezeka kumeneko inshulansi sikulipirani. Kuoloka msewu nakonso kumafuna kuphunzira. Yambani mwayang'ana kumanzere, dikirani mabasi ndi magalimoto adutse, kenako lowani pang'onopang'ono ndi liwiro limodzi. A njinga amakuonani patali n'kukuzungulirani. Choopsa ndi kuthamanga, kuima mwadzidzidzi kapena kubwerera m'mbuyo. Masiku oyamba olokerani pambali pa munthu wa konko.

Mabasi a mumzinda ndi otchipa koposa, pafupifupi 10,000 pa ulendo, kondakitala amadula tikiti mkati momwemo, ndipo Google Maps imaonetsa nambala ya basi ndi pokwerera. Sitima zamakono za mumzinda zilipo ziwiri, ya Cat Linh kupita ku Ha Dong imene inatsegulidwa mu 2021 ndi ya Nhon kufika ku Cau Giay ya 2024, koma sizifika ku Old Quarter, ndiye zidzakuthandizani pokhapokha msonkhano wanu uli kumadzulo kwa mzinda. Njinga za matayala atatu zonyamula alendo ndi zosangalatsira chabe. Mukafuna kukwera, mtengo wa ulendo wonse ulembedwe pafoni, m'madong, musanakhale.

Zoona zambiri n'zaulere. Dzukani m'bandakucha mupite ku nyanja ya Hoan Kiem mukaone agogo akuchita masewero olimbitsa thupi ndi kuvina, ndipo kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu usiku misewu yozungulira nyanjayo amaitseka kuti anthu ayende wapansi. Yendani pa mlatho wachitsulo wa Long Bien, womangidwa m'nthawi ya Afalansa pakati pa 1899 ndi 1902, muone mtsinje wa Red River ndi minda ya nthochi pansi pake. Manda a Ho Chi Minh ku bwalo la Ba Dinh amatsegulidwa m'mawa wokha, amatseka Lolemba ndi Lachisanu komanso miyezi ina ya kukonza, ndipo amafuna kuti mawondo ndi mapewa zikhale zophimbidwa. Malo olipira ambiri sapitirira 100,000: Van Mieu, kachisi wa maphunziro wa mu 1070 kumene kuli miyala 82 yolembedwa mayina a ophunzira amene anakhoza mayeso a ufumu, ndende ya Hoa Lo, ndi nyumba yosungiramo mbiri ya mitundu 54 ya anthu a m'dzikolo ku Cau Giay. Imene ndikufuna kwambiri kuti musaiphonye ndi Vietnamese Women's Museum mumsewu wa Ly Thuong Kiet. Ikufotokoza za ukwati, kubereka, nkhondo ndi moyo wa amayi ogulitsa mumsewu, ndipo mukatulukamo amayi onyamula malonda paphewa aja mudzawaona ndi maso ena.

Tsiku limodzi tulukani mumzinda. Aliyense adzakuuzani za Ha Long Bay, dera la m'nyanja ya mchere lodzaza ndi zilumba za miyala, koma kugona usiku pa boti labwino kungadye gawo lalikulu la ndalama zanu, ndipo boti lotchipitsitsa si pamalo pofunira kupulumutsa. Pitani ku Ninh Binh, makilomita pafupifupi 95 kummwera. Sitima yochokera pa siteshoni ya mumsewu wa Le Duan imatenga maola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Ku Trang An, malo a ku Ninh Binh komweko amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2014, amakupalasani pabwato pakati pa mapiri a miyala ndi m'mapanga, pa mtengo wa pakati pa 250,000 ndi 300,000. Mukafuna ulendo wokonzedwa kale, yerekezani mitengo m'maofesi angapo musanavomere wa pahotela, ndipo funsani ngati matikiti olowera ndi nkhomaliro zili momwemo.

Tiwerengere pamodzi. Masiku asanu ndi awiri pa 550,000 ndi 3,850,000. Chakudya, khofi ndi madzi pa 250,000 patsiku ndi 1,750,000. Mayendedwe a mumzinda pa 100,000 patsiku ndi 700,000. Matikiti olowera m'malo tiike 500,000, ulendo wa ku Ninh Binh 1,000,000, simukhadi ndi kuchapitsa zovala 300,000. Zonse pamodzi ndi 8,100,000, ndipo mukutsala ndi pafupifupi 900,000 ya mphatso ndi zadzidzidzi. Mitengo imakwera pang'ono chaka chilichonse, ndiye ngati mungapeze madola ena 50, aikeni padera ndipo musawasinthe mpaka atafunika.

Pobwerera, bwalo la Noi Bai lili makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda. Basi nambala 86, ya mtundu wa lalanje, imanyamukira pa siteshoni ya sitima n'kudutsa pafupi ndi nyanja ya Hoan Kiem ndi Long Bien, ili ndi poika katundu, ndipo mtengo wake m'zaka zapitazi unali 45,000, pamene galimoto ya Grab ndi 250,000 mpaka 350,000. Ulendowo ndi wa ola limodzi, koma m'mawa ndi madzulo misewu imadzaza, ndiye nyamukani patatsala maola anayi kuti ndege inyamuke. Ngati ndege yanu ndi ya pakati pa usiku kapena m'bandakucha, funsiranitu ola la basi yomaliza, ndipo sungani ndalama ya galimoto. Ndege zopita kunja zimanyamukira ku Terminal 2. Madong otsala muwasinthe kapena muwagwiritse ntchito musanakwere, chifukwa ku Lilongwe simudzapeza wowalandira.